Pikapu Yomvera Munthu Mmodzi

Pikapu ya pasitolo ya zomangira ija inkamvera munthu mmodzi basi, a Dilaiva. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, moti ngakhale akazi awo ankawaitana choncho. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ananyamula simenti, malata ndi matabwa pagalimoto imeneyi, ndipo ankaidziwa kuposa mmene ankadziwira ana awo.

Kuiliza kwake sikunali kwamasewera. Ankayamba ayatsa mawaipa, n'kumenya kachibakera kamodzi pansi pa chiwongolero, kenako n'kupotokola kiyi. Akafuna kuliza hutala, ankayatsa wailesi. Indiketa yakumanzere inkaphethira pokhapokha chitseko chawo atachitsegulako pang'ono. Misala yonseyi inkachokera m'kabokosi ka mafyuzi kamene kanali pafupi ndi bondo lawo. Fyuzi, kwa inu osadziwa, ndi kachitsulo kamene kamalolera kupsa magetsi akachuluka, kuti mawaya apulumuke. A Dilaiva zoterezi sankazikhulupirira. Fyuzi ikapsa, ankalowetsapo chilichonse chimene apeza m'thumba tsiku limenelo.

Mwini sitolo anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu wosachulutsa gaga m'diwa. A Dilaiva ankadziwa kuti msana wayamba kuvuta, maso nawo akuchita chifunga, ndipo madilaiva ena ankafika pageti mlungu uliwonse ziphaso zili m'manja. Koma mtima wawo unali m'malo. Ankati mlamuyo ayerekeze kuwachotsa ntchito, aone amene ailize galimotoyo.

Ndiye Lachiwiri lina masana, atanyamula matumba khumi a simenti, utsi unayamba kufuka pakati pa miyendo yawo. Anauzimitsa ndi chipewa n'kufika bwinobwino, koma fungo linawaulula. Mlamu wawo anangonunkhiza kamodzi, n'kunena kuti mawa kubwera wamagetsi kudzasintha bokosi lonse.

Wamagetsiyo anali mayi wa ovolosi, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Anagona chagada pansi pa chiwongolero miyendo ili panja, n'kutsegula kabokosi kaja. Kenako anapempha mbale. A Dilaiva anaigwirizira okha mbaleyo, n'kumaona zinthu zikugweramo: misomali itatu, pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, chogwirira cha supuni ya tiyi, chidutswa cha hang'ala, ndi kiyi wa chimbudzi cha pasitolo amene anasowa zaka zisanu zapitazo, mlonda n'kudzudzulidwa mwezi wathunthu. Fyuzi yeniyeni inalimo imodzi, nayonso yakupsa.

Mayiyo anafunsa kuti anachita zimenezi ndani. A Dilaiva, nkhope ili gwaa, anati ndi makaniko wina amene anamwalira. Mayiyo anafunsa ngati makanikoyo anachita kupsa.

Apa a Dilaiva anayamba kuzungulira nkhani. Anati galimoto zakale sizigwirizana ndi zinthu zatsopano, zimadwala. Anati pikapu imeneyi akuba anaiyesapo kawiri n'kuisiya, wina mpaka anaitukwana, ndiye kuikonza n'kuitana mavuto. Anathamanga kukamutengera chakumwa chozizira. Mayiyo anamwa, anathokoza, n'kupitiriza kudula mawaya osungunuka aja limodzi limodzi, uku akusenda nsonga zake ndi kulumikiza kubokosi latsopano.

Mlamu atalowa m'sitolo kukathandiza wogula, a Dilaiva anagwada pafupi ndi nsapato za mayiyo, manyazi onse atawataya.

"Mayi, ndisiyireniko kamsomali kamodzi kokha, kuti isamamvere aliyense. Ikamamvera aliyense, ine ndiye kwanga kwatha. Ndili ndi ana."

"Bambo, kamsomali kameneko ndi kamene kadzawasiye anawo opanda bambo," anayankha mayiyo ali pansi pompo.

Atamaliza anatenga cholembera n'kulemba pachivindikiro, fyuzi iliyonse ndi ntchito yake: nyali, hutala, mawaipa, wailesi. A Dilaiva anawerenga, ndipo kunena zoona zinawapweteka. Nzeru zimene anazisunga zaka zonsezi zinali zitasanduka mizere inayi yoti ngakhale mwana wasukulu awerenge.

Mlamu anati akaiyese. Anakhala pambali pawo, manja atapinda. A Dilaiva anadziuza kuti aonetse ukatswiri, koma manja sanamve. Dzanja linapita lokha kumawaipa, ndipo mawaipa anayamba kukwecha galasi louma dzuwa likuswa mtengo. Chibakera chinatsatira, n'kukagunda chivindikiro chatsopano chija. Atatuluka pageti, wanjinga wina wonyamula makatoni anawadutsa kutsogolo. A Dilaiva anathamangira wailesi, ndipo m'malo mwa hutala kunamveka munthu akulengeza kuti kumapiri kugwa mvula yamawawa. Wanjingayo anapulumuka ndi miyendo yake. Pamphambano, pofuna kukhotera kumanzere, anatsegula chitseko.

"Taimani kaye, alamu," anatero mwini sitolo.

Anaimika pambali pa msewu n'kuzimitsa injini. Thukuta linali kamukamu. Anazula kiyi n'kumupereka ndi manja awiri, nati akudziwa chimene chikubwera, bola anenedwe pompo kusiyana ndi pamaso pa mlonda. Anati kale ankasungidwa chifukwa panalibe wina woiliza galimotoyo, koma lero aliyense angathe, kupatula iwo.

Mlamu sanalandire kiyiyo. Anafunsa ngati a Dilaiva ankaganiza kuti Lamlungu pikapu imagona. Anati iye wakhala akuitenga zaka khumi, kuyatsa mawaipa, kumenya chibakera, zonse. Mlonda nayenso amaisuntha akafuna kusesa. Chinsinsi chawocho a Dilaiva amachifotokoza okha, ndi manja omwe, nthawi iliyonse akalawako mowa.

A Dilaiva anafunsa kuti nanga ankawasungiranji.

"Ndikakuchotsani, muzikakhala pakhomo tsiku lonse," anatero mlamu. "Achemwali anandiuza kuti ndikangoyerekeza, iwo akusamukira kwathu. Lizani galimoto, simenti ikudikira."

Anapotokola kiyi, ndipo inalira kamodzi n'kamodzi. Ntchito inalipo, yolimba kuposa mmene ankaganizira, koma tsiku lonse anayendetsa ali duu, osalankhula ndi munthu.

Ataweruka anapeza akazi awo akuanula zovala pachingwe. Anaima pafupi n'kumawayang'ana, akufuna kufunsa koma osadziwa poyambira. Mayiwo anafunsa ngati galimoto yakonzeka. A Dilaiva anati yakonzeka.

"Chabwino," anatero akupinda malaya. "Ndiye mawa munyamuka nthawi yomwe ija eti?"