Tizitsulo ta a Dismas

Amuna anga a Dismas anafa m'mwezi wa Malichi, tsiku lomwe ndeke za kutsidya kwa Zambezi zinaponya mabomba ku Kavalamanja. Anapita kumeneko pa njinga kukagula nsomba zoti tidye pa kampu. Njinga inabwerako. Iwo tinawaika m'manda osaona nkhope. Ndayamba ndi zimenezi kuti aliyense wa pakamwa poyabwa adziwe kuti anafera pamodzi ndi anzawo, bomba silinawasankhe.

Kampu yathu ili kuseri kwa mapiri, maola atatu kuyenda pansi kuchokera kumtsinje. Pali matenti awiri, khumbi la udzu ndi mgolo wa madzi. Nchito yake ndi ya njovu ndi mitengo. Njovu zimasenda makungwa, zimathyola nthambi, ina imagwetsa msangu wonse chifukwa cha tinyemba tili kunsonga. Anthu ophunzira akufuna kudziwa ngati nkhalango ikutha kapena ikuphuka. Ndiye mtengo uliwonse m'mizere yathu uli ndi kachitsulo ka nambala, kokhomedwa ndi msomali. Tizitsulo tonse tilipo mazana atatu ndi khumi ndi tiwiri. A Dismas anatidula okha kuchokera ku zitini za mafuta ophikira, nagogoda manambala ndi nyundo, zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinali kuwagwirira tepu. Atafa ndinatenga buku lawo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma nambala ndimawerenga, ndipo sindisokoneza msangu ndi mupani monga anachitira a Boyd mwezi wawo woyamba.

A Boyd ndiwo bwana wathu, ochokera ku yunivesite ku Lusaka. Mzungu amene anayamba nchitoyi anachoka nkhondo itakula, nasiya iwo. Si munthu woipa. Koma akamva motoka wa masoja, amayamba kufunafuna pobisala.

M'mawa ndimamwa tiyi wopanda shuga, ndimanyamula tepu, buku, chigubu ndi kansanza ka phulusa koonera mphepo. Pamtengo ndimawerenga nambala, ndimayeza thunthu pachifuwa panga, ndimalemba ngati khungwa lasendedwa. Ndikapeza ndowe ndimaigwira ndi kumbuyo kwa dzanja. Ikakhala yofunda, eni ake ali pafupi, ndimabwerera mphepo ili kumaso. Nchito yake ndi imeneyo. Palibe chobisika.

Koma maliro atangotha, kumudzi kunayamba nkhani. Akuti tizitsulo timeneti timanyezimira, ndeke zimationa kumwamba, ndiye njira yake. Akuti Dismas ankayenda ndi magalasi oonera patali ndi buku, anali kulembera ndani? Mwana wanga Lena ali pa sukulu ku Katondwe. Anabwera pa holide osafuna kubwererako, chifukwa anzake amamutcha mwana wa kazitape. Ndinamubweza ndekha. Ndinati, "Pita, atate ako sanabe nkhuku ya munthu."

Woyambitsa nkhaniyi ndimamudziwa. Ndi a Everisto, eni golosale kumtsinje, amenenso amayang'anira alonda a m'mudzi. Anakulira pamodzi ndi a Dismas, anadya mpunga pa ukwati wanga, anawonjezera kawiri.

Lachitatu lina mu Okutobala ndinali pa mzere wachitatu. Ndinafika pa msangu wa nambala 140, ndinapeza kabowo ka msomali chabe. Wotsatira chimodzimodzi. Ndinayenda mzere wonse, mitengo khumi ndi isanu ndi iwiri inali maliseche. Pansi panali mapazi a nsapato za matayala. Njovu sivala nsapato.

Nditafika pa kampu ndinapeza motoka wa masoja. Pakhumbi panali sajeni, munthu wa kumpoto wolankhula Chinyanja chosakaniza, ndi a Everisto ndi alonda awo awiri. Pa tebulo lathu anakhuthula tizitsulo kuchokera m'kathumba ka unga. A Boyd anali ataimirira ngati mwana wochedwa ku sukulu.

"Amake Lena, mwabwera bwino," a Everisto anatero. "Khalani pansi, pali nkhani ya boma."

"Pa kampu pano sindipatsidwa mpando ndi alendo. Ndani wazula izi?"

"Tazula ndife, kuti bwana aone umboni."

Sajeni ananyamula kamodzi, nakatembenuza. "Ba mayo, 147 ndi chiyani?"

"Ndi msangu wopindika. Njovu inausenda mbali ya kumadzulo chaka chatha, manje ukupola."

"Nanga 151?"

"Unafa. Tikusunga nambala kuti tidziwe tsiku lomwe udzagwe."

"Mwamva?" a Everisto anatero. "Mayankho ali okonzeka kale. Anaphunzitsidwa."

"Inde ndinaphunzitsidwa. Inu munaphunzitsidwa chiyani, kupatula kuthira madzi m'palafini?"

Mlonda mmodzi anatsokomola kuti abise kuseka.

A Boyd anandikokera kumbali. Anali kunong'ona. "Amai, tiyeni tingozula tonse. Mapu tili nayo. Nkhondo ikatha tidzakhomanso."

"Mapu anuwo ali ndi timadontho. Kadontho sikakuuzani kuti pa misangu iwiri yoima ngati mapasa, 88 ndi uti."

"Koma akhoza kutseka kampu."

"A Boyd, inu mukatseka mubwerera ku Lusaka. Ine ndikazula kachitsulo kamodzi ndi dzanja langa, mawa mudzi wonse uti wamasiye wavomera. Lena adzafa ndi dzina limenelo. Sindizula."

Sajeni anamva. Anaika kachitsulo pansi. "Lamulo ndili nalo, ba mayo. Chilichonse choonetsa adani njira tichotse. Simufuna, tichotsa ife."

"Tizitsuloti mwationa tikunyezimira?"

"Anthu akamba."

"Anthu amakambanso kuti masoja amadya mbuzi za eni. Ine sindinakhulupirire chifukwa sindinaone."

A Boyd anatseka maso.

Ndinaloza phiri lili kumbuyo kwa matenti. "Ndeke imaona kuchokera kumwamba, si choncho? Tiyeni tikwere. Pansi pa phiri ilo pali mzere woyamba, mitengo makumi anayi, yonse ndi tizitsulo take. Tengani magalasi athu omwe. Mukaona kamodzi kokha, ndikupatsani nyundo, ndipo ine mundikweze m'motoka."

"Dzuwa ili?" a Everisto anatero. "Bwana ali ndi nchito zambiri."

"Dzuwa ndilo limanyezimiritsa. Kapena mufuna tikwere kuli mitambo?"

Sajeni anatenga magalasi. "Tiyeni. Naimwe mdala, patsogolo."

Tinakwera tonse, a Boyd ndi alonda omwe. Dzuwa la Okutobala kuno silicheza ndi munthu. Miyala inali kuotcha kupyola nsapato, tintchentche ta m'mipani tikulowa m'maso. Ine phiri limenelo ndimakwera kawiri pa sabata kukawerenga njovu zopita kumadzi. A Everisto anapuma katatu. Kachitatu anakhala pa mwala, nadzuka msanga.

Pamwamba sajeni anaika magalasi kumaso. Ndinamusonyeza poyambira mzere ndi pothera. Anayang'ana, anapukuta thukuta, anayang'ananso. Tizitsulo timeneti n'tating'ono ngati zala ziwiri, tadzimbiri, tili pansi pa nthambi. Ngakhale ine ndimatifufuza ndi dzanja.

"Palibe," anatero.

"Muyang'ane bwino, bwana," a Everisto anatero. "Nthawi zina timabisika."

"Chobisika chionetsa bwanji njira?" sajeni anafunsa.

Kenaka sajeni anatembenukira kumtsinje. Dziko lonse linali lotuwa, madenga a udzu osaoneka n'komwe. Koma pafupi ndi madzi panali chinthu chimodzi chowala ngati galasi, choti munthu utsinzine.

"Chija n'chiyani?"

Alonda anayang'ana pansi.

"Funsani eni ake," ndinatero. "Ali kumbuyo kwanu, akupuma ngati galu wothamangitsa njinga."

"Ndi golosale yanga, bwana. Malata chabe. Ndinakhoma chaka chino."

"Mwezi wanji?"



"Febuluwale," ndinawathandiza. "Ndeke zinabwera Malichi."

Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Munthu amene wakhala miyezi isanu ndi iwiri akuloza anzake anadziwa pomwepo mmene chala chimalemera. Sajeni anatsitsa magalasi pang'onopang'ono. Ndikanafuna, mawu awiri okha akanakwanira kuti akwere m'motoka uja iwo.

"Koma ine sindine inu, a Everisto," ndinatero. "Malata anu sanaitane ndeke. Anthu aja Zambezi amamudziwa popanda denga lanu. Anabwera chifukwa cha nkhondo yawo, anapha amene anapeza. Mmodzi anali ndi nsomba pa njinga."

Sajeni anati, "Mdala, denga lija mumate matope lisanafike Sabata. Tizitsulo tikhale. Magalasi awa nditenga, anthu wamba saloledwa manje." Anayamba kutsika.

Njira yotsikira imadutsa pakati pa miyala iwiri, munthu mmodzi mmodzi. Ndinathamanga, ndinaima pamenepo. Sajeni ndinamulola kudutsa. A Everisto ndinawatsekera.

"Amake Lena, nkhani yatha."

"Yatha ya tizitsulo. Ya amuna anga ikadalipo. Nenani anali ndani."

"Ine sindinati kanthu. Anthu ndiwo anali kukamba."

"Anthu anayambira pa benchi ya golosale yanu. Nenani."

"Ndi mwano uwu. Mkazi kutsekera mwamuna njira?"

"Mwamuna wondiletsa munamuika m'manda, munanyamula nawo bokosi. Nenani, kapena tikhala pano mpaka mmodzi akomoke. Ine ndili ndi chigubu."

A Boyd anayamba, "Amai, mwina tikafika pansi..." Ndinawayang'ana, analeka.

Sajeni anaitana kuchokera m'munsi. "Mdala, kambani tipite. Ine ndapsa."

A Everisto anayang'ana alonda awo. Alonda anali kuyang'ana mitambo yomwe kunalibe.

"Dismas anali kuwerenga mitengo," a Everisto anatero chapansipansi.

"Sindinamve. Makutu anagontha ndi mabomba."

"Anali kuwerenga mitengo."

"Ndi chiyani china?"

"Palibe. Mitengo chabe."

Ndinapatuka. Anadutsa osandiyang'ana.

Sindine mwana. Ndikudziwa kuti pa benchi yawo akhoza kuikonza nkhaniyi mwa njira ina. Koma alonda awiri aja anamva, ndipo mmodzi mkazi wake ndi Serafina, amene nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, masana yafika ku Boma popanda basi.

Motoka utapita, a Boyd anakhala pansi nati mutu ukuwawa. Ine ndinatola tizitsulo pa tebulo, ndinatenga nyundo ndi misomali, ndinabwerera pa mzere wachitatu dzuwa likadali pamwamba. Mitengo khumi ndi inayi ndinaidziwa ngati ana a mnansi. Ndinakhoma mwamphamvu, kuti ngati pali wina wotsalira m'tchire amve. Itatu inandivuta. Ndi mipani yofanana msinkhu, yoima pamodzi, yonse yosendedwa mbali imodzi. Ndinayeza, ndinafananiza ndi za m'buku, sizinandithandize. Ndikanatha kungokhoma, a Boyd sakanadziwa mpaka kufa. Koma m'buku limeneli mulibe bodza kuyambira tsamba loyamba. Ndinalemba kuti: 143, 144, 145, sindikudziwa uti ndi uti, anazula a Everisto. Ndinaika tsiku, ndinasaina dzina langa pansi pa la a Dismas.