Tsiku Limene Bambo Anadzitungira Madzi a Ubatizo

Ndinatsika basi Loweruka masana, chikwama chimodzi paphewa. Chondibweretsa chinali ubatizo wa bambo. Zaka makumi anayi akukana. Chaka chino anavomera, koma anaika lamulo.

"Kamodzi kokha. Zikakanika mawa, musadzandiuzenso za madzi."

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, ndiye mlembi wa mpingo. Munthu wa mapepala. Pakhoma la pabalaza anamatapo chipepala chachikulu cha mizere itatu. Ntchito iliyonse inali ndi anthu atatu: woyamba, wachiwiri, wachitatu. Otsekula tchalitchi, atatu. Odzaza madzi m'dziwe lobatiziramo, atatu. Ngakhale ogwira matawulo, atatu.

"Woyamba akadwala, wachiwiri alipo," anatero. "Wachiwiri akadwala, wachitatu. Sizingakanike, alamu."

"Nanga onse akadwala?"

"Umenewo ndi mliri. Si za mlembi."

Ndinafunsa ngati anthuwo akudziwa. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Achiwiri onse anawaimbira foni kuti akhale okonzeka. Achitatu chimodzimodzi. Oyamba anawauza kuti asade nkhawa, kumbuyo kwawo kuli anthu.

Lamulungu tinafika eyiti koloko. Pakhomo panali amuna atatu, aliyense ndi kiyi wake, akukangana kuti atsekule ndani. Mlamu anamwetulira. Ndondomeko inali ikuyenda.

Dziwe lili kuseri kwa guwa, lovundikira ndi matabwa. Mlamu anatukula thabwa limodzi. Anasuzumira. Anabwezeretsa. Anatukulanso.

Ndinasuzumira nanenso. Munali tsache ndi kangaude.

Mlamu anaimbira woyamba wa za madzi, mmisiri wa mipope. Foni anaiika pa sipika.

"Alembi, ine ndinakumana ndi aphunzitsi pamsika. Akuti mwawaimbira kuti akonzeke za madzi. Ndinati basi, mwandichotsa. Kunena zoona ndinakhumudwa."

Anaimbira aphunzitsiwo, amene anali achiwiri.

"Munati ndikonzeke. Ndakonzeka. Kuyambira sikisi ndili pampando ndi majombo, kudikira foni yanu."

Wachitatu sanafunike foni. Anali ataima pambali pathu, tawulo pamkono.

"Ine madzi? Si matawulo?"

Ndinawerenga ogwira matawulo. Analipo anayi.

Paipi yaitali yodzazira inali kunyumba kwa mmisiri uja, tsidya lina la tauni. Ikanabwera, ikanadzaza dziwe m'maola anayi. Abusa anayang'ana wotchi. Thwelofu koloko amayenera kunyamuka kupita ku mpingo wa nthambi. Zimenezonso analemba ndi mlamu.

"Tisunthire sabata yamawa?" anafunsa abusa.

Mlongo wanga anagwira pakamwa. Tonse tinatembenukira kubenchi yakutsogolo. Bambo anali pamenepo mu mkanjo woyera, mapazi opanda nsapato, akumva zonse. Anayendetsa malole zaka zambiri. Sakonda kudikira.

"Akamwini, tabwerani."

Mlamu anapita atawerama, chipepala chili m'manja.

"Woyamba wakwiya. Wachiwiri ali ndi majombo. Wachitatu ndi uyo. Wachinayi ndani?"

"Palibe wachinayi, bambo."

"Ndilembeni."

Anadzuka. Analowa m'chipinda chosungiramo zokolopera, natuluka ndi ndowa. Mpopi uli panja, kumbuyo kwa zimbudzi.

"Bambo, msana wanu!" anakuwa mlongo wanga.

"Msana ndi wanga. Achimwene ako angoima bwanji ngati mtengo wa magetsi?"

Ndinatenga beseni. Sindinadziwe kuti ndi la ntchito yanji. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi losambira m'manja pa mgonero.

Akwaya anasiya nyimbo pakati, nabwera ndi zigubu za maluwa. Ochedwa anaona anthu akuthamanga ndi madzi, nayamba kufunsa kumene kukupsa. Amayi ena anaganiza kuti ndi tsiku lokolopa, nakwinya zovala, nayamba kukolopa zimene ife tinkataya. Wina anaterereka. Mlamu anaima pakhomo ndi cholembera, akuyesa kutiika pamzere.

"Oyamba kumanja! Achiwiri..."

"Achiwiri a chiyani, alembi?"

Mlamu anaika cholembera m'thumba, nalandira ndowa.

Mapemphero anayamba kapena ayi, sindikudziwa. Ndinamva ameni kawiri ndili pampopi.

Hafu pasiti leveni abusa anatsikira m'dziwe. Madzi sanawafike m'mawondo.

"Mwa mwambo wa mpingo wathu, munthu amire yense. Awa ndi ochepa."

"Ndigona," anatero bambo.

"Mugona?"

"Pansi pa lole ndinkakwana. Muno ndikwana."

Tinawatsitsa awiri, ine ndi mlamu. Anakhala pansi, nagona chagada. Abusa anagwada, natchula mawu aja, nawamiza mutu. Mimba inatsala pamwamba. Anakanikiza mimba. Mawondo anatuluka. Mlongo wanga analanda ndowa kwa wakwaya, nakhuthulira yonse pamawondopo.

Bambo anadzutsa mutu akutsokomola.

"Zatheka?"

Abusa anapukuta kumaso. Anayang'ana mlamu. Mlamu anayang'ana ine, ngati ndimadziwa malamulo a mpingo.

"Zatheka, bambo," anatero mlongo wanga. Abusa anagwedeza mutu, pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu.

"Ndiye ndidzutseni," anatero bambo. "Msana wagwira."