Tambala wa Masika

Inali cha m'ma 2 koloko masana Lamulungu, chiperoni chikuwaza, phiri litabisala m'nkhungu. Mayi Agnes anachedwa kutchalitchi ku Chonde chifukwa cha msonkhano wa amayi. Atafika pakhomo anamva fungo la nyama. Kudzala kunali nthenga zofiira.

Anali tambala wawo. Anamuweta kuti akapereke pa masika, tsiku limene Akhristu amabwera ndi zokolola kudzathokoza Mulungu, ndipo tsikulo linali Lamulungu lotsatira. Anamunenepetsa dala, poti mnzawo Millie anali atalengeza kale kuti akapereka bakha.

"Bambo a Madalo! Tambala wanga ali kuti?"

Amuna awo, bambo Alufeyo, anatuluka m'khitchini chipande chili m'manja. Makutu awo anagontha pang'ono ndi makina a kufakitale ya tiyi.

"Ali mumphika. Si abusa anena lero? Khutani ndi zimene muli nazo."

"Khutirani! Anati khutirani!"

"Eya, n'zomwezo."

"Kukhuta n'kwa m'mimba, kukhutira n'kwa mumtima. Mumagona eti?"

"Ndinali maso. Koma mtima ndi mimba n'zoyandikana, mayi."

Mayi Agnes anakhala pansi pakhonde.

"Ndikaoneka bwanji ine? Millie atanyamula bakha, ine chimanjamanja."

"Nandolo wadzaza m'munda umo."

"Nandolo? Aliyense ali naye."

"Ndiye kuti aliyense anapatsidwa. Kodi tambalayu amapita kwa Mulungu kapena kwa mayi Millie?"

Bambo Alufeyo anabwera ndi mpunga ndi nyama ija. Anatola nthutumba, imene pakhomopo amadya ndi iwo okha chikwatiranecho, n'kuika m'mbale ya akazi awo.

"Pempherani, chikuzizira."

Mayi Agnes anayamba pempherolo ndi mawu olimba. Anathokoza chifukwa cha chakudya, denga losadontha, ana, ndi mwamuna amene amamva theka lokha. Pofika pa ameni anali akudziletsa kuseka.

Anadya. Msuzi unali wabwino, ngakhale sanafune kunena.

"Mwakhuta?" anafunsa bambo Alufeyo.

"Ndakhuta."

"Nanga kukhutira?"

"Musandiyambe dala."

Loweruka m'mawa Millie anadutsa pamsewu n'kukuwa kuti bakha wake akulephera n'kuyenda komwe chifukwa cha kunenepa.

"Zikomo kwambiri, mukamunyamule bwino!" anayankha mayi Agnes.

Anamanga chitenje, natenga dengu, n'kulowa m'munda kukathyola nandolo, akusankha wonenepa yekhayekha.