Mmene Nachipolopolo Anatulukira M'jeneza

Ku Benga anthu ankawatchula kuti Malemu, chonsecho mayi Aziza anali moyo, ndipo m'mawa uliwonse ankakazinga zitumbuwa pafupi ndi pokwerera minibasi. Dzinalo linachokera m'filimu.

Akali mtsikana, kunabwera munthu wina wa ku Dwangwa, dzina lake Grey, atanyamula kamera imodzi yomanga ndi mphira. Iyeyu ankajambula filimu ya magawomagawo yoonetsa m'tinyumba ta vidiyo, nkhani ya mbava za ng'ombe ndi mkazi wovala chipewa chachikulu amene ankalimbana nazo. Mkaziyo anali Nachipolopolo, ndipo Nachipolopolo anali Aziza. Hatchi kunalibe, choncho ankathamangitsana pa njinga zakapalasa m'minda ya nzimbe. Mfuti zinali zosema, zopaka polishi, ndipo magazi anali madzi a chidede.

Grey anali ndi lamulo limodzi: gawo lililonse lizitha Nachipolopolo ali pakamwa pa imfa, kuti anthu adzabwerenso. Ulendo wina mbava zinamumanga m'bwato lobooka pamathiriro a Bua, ulendo wina zinamutsekera m'nkhokwe yoyaka. Gawo lotsatira likayamba, anthu ankaona mmene wapulumukira, n'kumaimba mluzu. Kenaka kunabwera gawo limene anamuwombera, n'kumukulunga nsalu yoyera, amuna anayi n'kumunyamula pa jeneza, chonyamulira maliro chija, chimene Grey anamanga yekha ndi nsungwi. Filimu inathera pomwepo. Gawo lina lisanajambulidwe, Grey anagulitsa kamera n'kulowera ku Joni. Aziza anatsala m'jeneza mpaka imvi zinamera.

Iwo dzinalo sankalidandaula. Wina akafuula kuti, "Malemu, zitumbuwa ziwiri!" ankayankha kuti, "Fulumira, akundidikira kumanda."

Zinasiya kuseketsa pamene mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwajuma, anapeza banja. Mnyamatayo, Khalidi, analibe vuto. Vuto linali azakhali ake, Abiti Hussein, amene ankayendetsa zonse za kuchimuna. Iwowa anatumiza mawu akuti munthu amene anagonapo m'jeneza asalowe m'nyumba yovekera mkwatibwi, asamukhudze n'komwe, chifukwa angalowetse imfa m'banja latsopano. Akakakamira, akuchimuna adzanyamuka.

Mwajuma ndi amene anabweretsa uthengawo, maso ali pansi.

"Amayi, ndi tsiku limodzi lokha. Mudzangokhala kokhitchini."

"Ine ndinakubala, ndinakusambitsa, lero ndikakhale ndi mapoto?"

"Mukuwadziwa azakhaliwo."

"Jeneza lake linali la nsungwi, Mwaju. Titamaliza kujambula tinaphikira tiyi."

"Akuti jeneza ndi jeneza."

Aziza anatembenuza zitumbuwa m'mafuta. Mwanayo sanamukwiyire. Koma kubisala kuseri kwa nyumba ngati munthu wakuba nkhuku, pa ukwati wa mwana wawo, ndi chimene mtima wawo unakana.

Tsiku la ukwati, dzuwa litakwera, amuna ali ku mzikiti, amayi anadzaza pabwalo ndi pakhonde. Aziza anavala chilundu chofanana ndi cha akuchikazi onse, anafunda mpango bwinobwino, ndipo pamwamba pa mpangowo anaika chipewa chija. Mphemvu zinali zitachidya m'mphepete. Anadutsa pakati pa bwalo osafulumira, mapewa ali m'mwamba monga ankayendera pa kamera.

Amayi achikulire, amene paubwana ankazemba kwawo kukaonera vidiyo, anachizindikira chipewacho. Wina anayamba kuseka, mnzake n'kumutsina.

Abiti Hussein anali atakhala pa mpando pakhomo penipeni, ndodo ili pamiyendo.

"Asalaam aleikum, asewere," anatero Aziza.

"Waleikum salaam. Uthenga wanga sunakupezeni?"

"Unandipeza. Yankho ndabwera nalo ndekha."

"Mayi, musatichititse manyazi. Munthu wokulungidwa nsalu ya maliro salowa muno."

"Munandiona ndi maso anu?"

"Ndinakuonani! Ku Nkhunga, m'nyumba ya vidiyo ya kuseri kwa chigayo. Anakuwomberani apa," anatero akuloza pansi pa bere lamanzere, "inu n'kugwera pa njinga."

"Ndiye kuti munkaonera."

"Ndinangodutsa."

"Gawo la m'bwato lija munangodutsanso?"

Kumbuyo kunamveka mawu a mayi wina wa kuchimuna komweko: "Iii, azakhali, nanga si inu munkatisungira malo pa benchi yakutsogolo?"

Pabwalo panabuka phwete. Abiti Hussein anagogoda ndodo pansi, koma Aziza sanadikire kuti kuseka kuthe.

"Popeza munkaonera, lamulo lake mukulidziwa. M'bwato ndinafa?"

"Munadula chingwe ndi mano."

"M'nkhokwe?"

"Munakumba pansi. Koma zimenezo tinaziona. Za m'jeneza sitinazione."

"Chifukwa mwini kamera anathawa. Ndiye ine ndikhale wakufa mpaka Grey adzabwere ku Joni? Amuna anga ndinawaika m'manda enieni, jeneza lenileni ndikulidziwa kulemera kwake. Mwanayu ndamulera ndekha ndi mafuta otentha awa." Anatambasula manja odzaza zipsera. "Wakufa sapsa, asewere."

M'nyumba, kuseri kwa nsalu ya pakhomo, Aziza anaona mapazi a Mwajuma ataima, osavala nsapato. Anadziwa kuti Abiti Hussein akangodzuka n'kuitana anthu ake, ukwati wathera pomwepo, ndipo mwanayo sadzawakhululukira. Komabe sanasunthe.

Abiti Hussein anayang'ana chipewa chija nthawi yaitali. Atayankhula, mawu anali atatsika, ngati safuna kuti ena amve.

"Nanga mukanatuluka bwanji m'jenezamo? Poti anakumangani ndi miyendo yomwe."

Zoona zake, Aziza sankadziwa. Grey sankanena za gawo lotsatira mpaka tsiku lojambula, ndipo mwina naye anali asanaganize.

"Mukufuna kuona?"

"Ndangofunsa."

"Sendezani mpandowo. Nkhaniyi sinenedwa, imaonetsedwa."

Mayiyo anazengereza, kenaka anakoka mpando pang'ono, mpata wongokwana munthu mmodzi.

"Anatuluka chonchi," anatero Aziza. Anavula chipewa, anachiika pamiyendo pa Abiti Hussein, n'kulowa.

Panja nthungululu inayambira kwa amayi achikulire aja. Abiti Hussein anafuula kuti chimenecho n'chinyengo, sanaonetse chilichonse, koma pampando sanadzuke, ndipo chipewa sanachitaye.

M'kati, Mwajuma anali akulira, wanja wakuda wa m'maso atayamba kuyenderera m'masaya.

"Pukuta, ungaoneke ngati mbava za Grey," anatero mayi ake. "Tembenuka. Ndani wakumanga mpango mokhota chonchi?"