Makutu a Amos Anadzuka Msanga

Amos Daka anakhalitsa ku migodi mpaka Chinyanja chake chinkathera pakhomo la nyumba yake ku Chifubu. Kuntchito, mu minibasi, pamsika, ankalankhula Chibemba chosalala moti palibe amene akanaganiza kuti kwawo n'ku Katete, kum'mawa kwa Zambia. Tsiku la opaleshoni ya chotupa cha m'mimba, m'chipatala china ku Ndola, ankaseka ndi anamwino m'Chibemba chomwecho, ngakhale mtima unali m'mwamba.

Wogonetsa odwala anamuika chophimba pamphuno. Mpweya wake unkanunkha ngati guluu wa nsapato. Anamuuza kuti sadzaona kanthu, sadzamva ululu, ndipo sanamunamize. Chimene sanamuuze n'chakuti mpweya umenewu ukamatha m'thupi sumasula zonse nthawi imodzi. Makutu amatha kudzuka, maso ndi manja zidakali m'tulo.

Amos anadzuka choncho. Kunali mdima, thupi lolemera ngati la mwini. Anamva zitsulo zikugundana m'mbale, kenako mawu a anamwino awiri pafupi ndi mutu wake. Anayamba m'Chibemba, wina n'kutembenukira ku Chinyanja, monga timachitira ife a kum'mawa tikafuna kubisa nkhani pagulu. Timadziona ochenjera zedi.

"Priscah, aba ba tata angowatsegula na kutseka. Khansa yafika kale ku chiwindi."

"Mayo! A kunyumba adziwa?"

"Ba dokota auza mwana wawo. Iye akuti ba mudala na amai asauzidwe, angataye mtima."

Amos anayesa kukuwa, lilime linakana. Anayesa kugwedeza ngakhale chala, osatheka. Anachita mantha kuposa tsiku lililonse pansi pa mgodi, ndipo panalibe yemwe anaona.

Atatsegula maso mu wodi, anapeza mkazi wake Josephine ali pambali, korona m'manja, nkhope ili mwee. Moses, mwana wawo woyamba, anaima pazenera.

"Atate ake Moses, Mulungu watimvera," anatero Josephine. "Moses akuti achotsa vonse."

Mayiyo sankanama. Ankakhulupiriradi, ndipo ichi n'chimene chinamupweteka Amos kuposa chilonda. Josephine anayamba kufotokoza za ukwati wa Jessica, mwana wawo wotsiriza. Anati wagwirizana ndi a kuchimuna kuti ausunthire ku Disemba, bambo achire bwino, akamuperekeze yekha ku guwa.

"Tiuike mwezi wamawa," anatero Amos ndi mawu osasa.

"Imwe, na mimba yosoka iyi? Muthamangira chani? Nthawi ilipo."

Amos anayang'ana Moses. Moses, bambo wandevu zake, ankayang'ana nsapato. Mawu anafika pakamwa pa Amos, koma kuwatulutsa kunali kuyalutsa mwana pamaso pa mayi ake, ndi kumulanda Josephine miyezi yochepa yomwe akanagona tulo.

"Ba Moses, imwe mukuti bwanji?" anafunsa.

"Disemba ili bwino, adadi."

"Chabwino," anatero Amos. "Disemba."

Josephine anawomba m'manja pang'onopang'ono kuti asadzutse odwala ena, n'kutuluka panja kukaimbira foni Jessica.