Makoma a Azakhali a Evelina

Azakhali a Evelina anamwalira mu Marichi 2003, nasiya nyumba ya zipinda ziwiri ku Mbungo. Makoma onse a m'kati anali ojambulidwa mizere, timabwalo ndi ngodya, popanda nsomba kapena nkhope ya munthu. Anayamba mu 1958, amuna awo ali ku Joni, ndi penti wotsala wa mabwato. Anthu ankati a Evelina akuyesa penti. Anamuyesa zaka makumi anayi ndi zisanu.

Ine ndinaphunzira zaluso ku yunivesite, ndipo ndimakonda zinthu zokhala ndi lamulo lobisika. Lawo ndinalipeza patatha miyezi itatu: mitundu yofanana sinagundane paliponse, ngakhale kuseri kwa chitseko. Ndinalemba kuti azakhali anali m'gulu la oyamba kujambula motero kuno kwathu. Aphunzitsi anafunsa umboni. Zithunzi zomwe ndinatola zinatuluka zakuda bii, poti nyumbayo ili ndi zenera limodzi.

Mayi Rose, amene ankalemba buku la amayi aluso ku Blantyre, anavomera kudzaona okha. Akakhutira, dzina la azakhali lilowa m'bukumo. Ndinatumiza uthenga kwa amayi aang'ono a Lines, osunga makiyi, kuti kukubwera mlendo wolemekezeka kudzaona nyumba.

Ine ndi Mayi Rose tinatsika limodzi sitima ya panyanja, n'kuyenda wapansi kuchokera ku Chipyela. Fungo la laimu linatichingamira pabwalo.

"Frances mwanawe, takulandirani!" anatero a Lines, manja ali tuu ndi laimu. "Amayi a kutchalitchi agwira masiku atatu. Mlendo wa ku Blantyre akanalowa m'nyumba ya mawangamawanga ngati nkhanga? Akanatiseka mpaka ku Nkhata Bay."

Ndinalowa. Makoma anali mbee.

"Mwapaka kangati, amayi?"

"Katatu. Wabuluu uja ngwamakani ngati mwini wake."

Mayi Rose anandiuza motsitsa mawu kuti laimu amachoka ndi madzi, tisataye mtima. Ndinakanda khoma ndi chikhadabo. Pansi pa laimu panali pulasitala. Ndinakanda pena, pafupi ndi zenera. Pulasitala.

"Ukufuna chiyani pamenepo?" anafunsa a Lines. "Tinayamba tapala ndi mipeni, kenaka mchenga. Laimu sagwira pa penti wa mabwato. Ku yunivesiteko sanakuphunzitseni?"

"Ayi, sanatiphunzitse."

Ndinkadikira kuti ndikwiye, koma sizinabwere. Ndinangoona kuti ntchito anaigwira bwino, ngakhale m'makona.

Tinakhala pa mipando yobwereka, tinamwa tiyi. Mayi Rose anayamikira ukhondo wa nyumbayo, a Lines n'kuwomba m'manja mwaulemu. Kenaka mlendoyo anatulutsa kope lake.

"Achemwali, ine ndimalemba zimene ndaona ndi maso," anandiuza.

"Ndikudziwa."

Analemba tsiku, analemba "Mbungo", anayang'ananso khoma kanthawi, natseka kope. Ndinawanyamulira chikwama mpaka ku Chipyela.