Mpweya wa a Blackson

Mayi Anastasia anafika pa kashopu ka Dominiko ku Chilomoni ndi CD ya kwaya yakutchalitchi, momwe malemu amuna awo, a Blackson, ankaimba besi. Ankafuna nyimbozo zilowe m'foni CD isanakalike.

Dominiko anazisandutsa ma MP3 ang'onoang'ono kuti zonse zikwane pa memori khadi. Mayiwo anavala mahedifoni, anamvetsera, kenako anapukusa mutu.

"Nyimbo ndi yomweyo, mwanangu, koma a Blackson mulibemo. Vesi isanayambe ankakoka mpweya ngati munthu wokwera chitunda. Ndinkawakalipira nazo. Pano sindikuumva."

"Kuti nyimbo ichepe, kompyuta imataya timaphokoso timene imaganiza kuti khutu silitifuna, amayi," anatero Dominiko. "Ndikaika WAV m'malo mwa MP3, kompyuta sitaya kanthu, koma khadi yanuyi ingonyamula nyimbo ziwiri basi."

"Ngakhale imodzi, ika."

Dominiko anafufuta zonse n'kuyambiranso. Mayiwo anamvetseranso ali chilili. Vesi itatsala pang'ono kuyamba, anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndi amenewo," anatero chapansipansi. "Mpaka lero sanaphunzire kupuma mwaulemu."